Mmene Ndinanenerera Basale ya Tiyamike

Mu Lusaka muno simunabadwe munthu woti n'kundigonjetsa pa mtengo. Sindikudzitama ayi (chabwino, pang'ono pokha). Zaka zoposa makumi awiri ndakhala ndikugulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, ndipo belo iliyonse imene ndinatsegulapo ndinaigula pa mtengo umene mwini wake anatsala akudzifunsa kuti chamuchitikira n'chiyani. Makondakitala a minibasi za ku Chawama akandiona pa siteji amayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Ngakhale bokosi la malemu bambo anga ndinanenerera, misozi ili m'maso, mpaka kalipentala anandiikira zogwirira zaulere kuti ndingomuchokera. Tsono nkhani ya sukulu ya mwana wanga itafika pa ndalama, ndinauza a m'nyumba mwanga kuti asavutike, angoonerera katswiri ali pa ntchito. Mawu amenewo mpaka lero mkazi wanga amayambira pomwepo akafuna kuseketsa azimayi anzake a kutchalitchi.

Mwana wanga woyamba ndi Tiyamike, ife timangoti Tiya. Nzeru anatengera kuchikazi (izi ndimavomera pokhapokha amayi ake palibe). Anakhoza mayeso a giredi 12 mwa mtundu woti mphunzitsi wamkulu anabwera yekha kwathu kudzatigwira chanza, nsapato zake zakuda zikumira m'matope a Chawama. Kenaka kunabwera kalata ya ku yunivesite: amutenga kuti akaphunzire uinjiniya. Tinavina. Amake Tiya anaimba nthungululu mpaka agalu a komboni yonse anayankha. Titatopa n'kuvina tinatembenuza kalata ija, kuseri kwake kunali mitengo. Ndinawerenga, ndinapukuta m'maso, ndinawerenganso. Ndikanagulitsa mabelo onse, thebulo, ndi ine ndemwe monga basela, sizikanafika pakati pa chaka. Ndipo kalatayo sinabise mawu: amene sadzalembetsa pofika tsiku lotsegulira, malo ake apita kwa wina. Ndiye kuti Tiya akanabwera kudzakhala nane pa thebulo, injiniya wathunthu akukuwa mitengo ya majekete.

Kusaka ndalama ya sukulu ndi ntchito, abale, kungoti ilibe malipiro. Tiya anatenga kope lotsala la masamu n'kuyamba kulembamo malo onse amene amathandiza ophunzira. Tsiku lililonse ali pa foni, ine ndikugula mabandulo. Ena ankafuna pasipoti. Ena ankafuna munthu amene ali kale ndi digiri. Ena ankathandiza ana amasiye okhaokha (pamenepa Tiya anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ndinakondera). Ngongole ya ophunzira anafunsira, koma ofunsira ndi khamu, dzina lake silinatuluke. Ine ndinakwera minibasi ziwiri kupita kwa msuweni wanga wa kumayadi, amene ana ake amalankhula Chizungu ngakhale ndi galu. Anandipatsa chakumwa chozizira ndi mawu amodzi akuti "tizaona". Mpaka lero tikuonabe.

Patatha miyezi inayi, malo amodzi anayankha. Kanali kabungwe ka anthu amene anakulira m'makomboni, anaphunzira, zinthu n'kuwayendera, ndiye amasonkherana kulipirira ana ochepa chaka chilichonse. Basale, mwachidule. Tiya anali atadzaza fomu yawo ya masamba asanu ndi limodzi, ine n'kungosaina pamene anandilozera ndi chala, osawerenga (munthu wotanganidwa sawerenga fomu, ndi mmene ndinkaganizira). Pa foni anamuuza kuti wadutsa gawo loyamba. Loweruka abwera kunyumba kudzaona mmene timakhalira, ndipo Lachitatu lake mwana ndi kholo akaonekere ku ofesi.

Kudzaona mmene timakhalira! Ine nditamva mawu amenewo ndinadziwiratu masewera ake. Ameneyo ndi wogulitsa amene akufuna kusuzumira m'chikwama mwako asanatchule mtengo. Ndipo aliyense wa pa msika akuuzani kuti wogula wanzeru sapita kukagula atavala suti. Tsono ife si olemera, koma sitigonanso pa makatoni. Tili ndi sofa yofiirira imene ndinaigula kwa munthu wina amene ankasamuka mothamanga, tivi yopachika pakhoma, ndi filiji imene amake Tiya amaumitsiramo aisi wogulitsa kwa ana a sukulu. Zinthu zitatu zimenezi ndinaziyang'ana ngati mboni zimene zikukonzekera kundipereka m'khoti.

"Vonse ivi vichoke," ndinalengeza Lachisanu.

"Vichoke viyende kuti, batate ba Tiya?" anafunsa mkazi wanga. "Nanga balendo bazakhala pati?"

"Pa vigubu va madzi. Munthu akakhala pa chigubu, mtima umafewa."

"Ine bodza sinizanena. Nili wa chigwirizano ine, nimavala yunifomu."

"Simuzanena kanthu, bamake Tiya. Nyumba izakamba yeka."

Tiya anayesa kulowererapo. "Badadi, ivi si va salaula. Pa fomu paja ninalemba..."

"Iwe udziwa mabuku," ndinamudula, "ine nidziwa banthu."

Kuseri kwa nyumba yathu kumakhala a Saidi, atelala. Agogo awo anachokera ku Mangochi monga anga anachokera ku Ntcheu, ndiye timaitanana kuti akwathu, ngakhale iwo amapita ku mzikiti ife kutchalitchi. A Saidi ndi telala yekhayo mu Lusaka amene akati buluku lanu mudzatenge Lachinayi amatanthauzadi Lachinayi. Munthu wotero sungamuuze zoona zake za pulani ngati yanga, angakulalikire. Ndinangowauza kuti mawa tikupopera mankhwala a mphemvu, ndiye katundu agoneko kwawo tsiku limodzi.

"Kulibe vuto, akwathu," anatero. "Mphemvu za masiku yano ni zolimba, muthire bwino."

Loweruka m'mawa ndinabwereka wilibala. Maulendo atatu. Sofa pa wilibala ndi chinthu chimene sichingadutse mwachinsinsi m'komboni, makamaka ngati tayala lake limalira ngati nkhumba. Pofika ulendo wachiwiri anthu anali atagwirizana kale kuti banja latha. Mayi wina wa nyumba yachitatu anabwera atafunda chitenje kudzagwira dzanja mkazi wanga n'kumuuza kuti alimbe mtima, amuna onse ndi chimodzimodzi. Mkazi wanga sanatsutse.

Nditatha ndinalowa m'thumba la katundu wokanika kugula, ndinatulutsa shati ina yachikasu imene yakhala zaka zitatu pa thebulo osafunsidwa n'komwe mtengo. Ndinaing'amba pang'ono paphewa, kuti imveke bwino. Ndinadziyang'ana pa galasi, ndinadzimvera chisoni ndekha. Kenaka ndinakumbukira kuti galasinso lichoke.

Alendo anafika dzuwa likuyamba kuwawa. Anali awiri. Patsogolo panali mayi wamfupi, wa nsapato za kanivasi, amene anadzitchula kuti Mayi Daka. Pambuyo pake bambo wamtali wa magalasi, wosalankhula, atanyamula faelo. Ndinawalandira ndi mawu otsika ngati ndadzuka kumene ku malungo.

"Takulandirani mu umphawi wathu, mayi. Pepani, mipando kulibe."

Anakhala pa zigubu. Bambo wa magalasi mawondo anafika pafupi ndi makutu. Mkazi wanga, amene kwawo mlendo sakhala ngakhale pa mpando wopanda nsalu, anakhala pa mphasa pakona, nkhope ataiumitsa ngati ya pa chiphaso.

Mayi Daka anayamba kucheza ndi Tiya, za sukulu, za anzake, za kumene amawerengera. Koma maso awo ankayendayenda, ndipo ine ndinawatsatira maso amenewo. Anaima pakhoma, pamene panali chitsulo cha mabauti anayi ndi mawaya awiri akulendewera. Anatsikira pansi, pamene simenti yonse inali yofiira ndi polishi wa amake Tiya kupatula malo amodzi a makona anayi, otuwa, a msinkhu wa filiji ndendende. Ndinasuntha phazi kuti ndibisepo. Phazi langa ndi lalikulu, koma si filiji. (Za dishi ya tivi imene inali pamwamba pa denga ikuyang'ana kumwamba monyada, ndinakumbukira mawa lake.)

"Bambo," anatero Mayi Daka akutsegula faelo ija, "pa fomu apa mwalemba kuti bamayi bamagulitsa aisi. Mumaumitsira kuti?"

Fomu. Masamba asanu ndi limodzi aja. Tiya anali atalembamo zonse, filiji, tivi, sofa, mwina ndi masupuni omwe, ine n'kusaina pansi pake.

"Filiji inapsa, mayi," ndinatero. "Malaiti yamabwera na mphamvu kuno."

"Pepani. Liti?"

"Ni kale."

Tiya anayang'ana zala zake za kumapazi. Mkazi wanga anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, ija amaimba pa maliro. Bambo wa magalasi analemba kanthu.

Ndikanapulumuka mwina. Ndakhalapo pa malo othina kuposa pamenepo. Koma nthawi yomweyo kunamveka "Odi!" ndipo pakhomo panaima a Saidi, tepi yoyezera ili m'khosi, kachipewa koyera kali kumutu, nkhope yodzala mtendere.

"Pepani balendo, sinizakhalitsa. Akwathu, tivi yanu ija mwaibala rimoti, mpira uyamba manjemanje. Na bakazi banga, bamake Amina, bafunsa ngati bangaike nsomba mu filiji yanu, pamwamba pa aisi." Anasuzumira m'nyumba, n'kununkhiza. "Koma mankhwala yanu ni yabwino, siyanunkha. Mphemvu zafa?"

M'nyumba munangoti zii. Ndinamva tambala wa kutsidya kwa msewu akudzikanda.

"Yatsala imodzi, ba Saidi," anayankha mkazi wanga osandichotsa maso. "Ikulu. Yavala shati ya chikasu."

Ndinkayembekezera kuti Mayi Daka atseka faelo n'kunyamuka. M'malo mwake anayamba kugwedezeka mapewa, kenaka anaseka mpaka chigubu chinayamba kulira pansi pawo. Atapukuta misozi anandiyang'ana.

"Bambo, ife sitisakila munthu wosauka kupambana bonse mu Chawama. Kulibe mpikisano wa ivo. Tifuna mwana wanzeru wamene makolo bake bamayesa koma sibakwanitsa. Filiji ija ndiye umboni wakuti mumayesa. Manje tiyeni tikaione, msana wanga watopa na chigubu."

Ndiye tinatuluka pamzere, alendo, mkazi wanga, Tiya, ine pambuyo ndi phewa langa lapamtunda, kudutsa pakati pa anthu amene ankayembekezera kumva kuti ana atsala ndi ndani. Mafunso otsala anathera m'nyumba ya a Saidi. Alendo anakhala pa sofa yanga, m'nyumba ya mwini wake, akumwa tiyi wa mwini wake, ine nditaima pakhomo ngati ndabwera kudzayezetsa buluku. Potsazika Mayi Daka anati, "Pa Chitatu mubwere. Muvale shati ina."

Munthu wanzeru akanaphunzirapo. Ine ndinakhala pansi n'kuunika nkhani yonse monga katswiri, ndipo ndinapeza kuti zayenda bwino. Mayi uja anaseka. Pa msika, kasitomala akaseka ndiye kuti wagula kale, chatsala ndi kugwirizana mtengo. Ndinangolakwitsa chida, ndinadziuza. Chida chenicheni ndinali ndisanachitulutse.

Lachitatu mkazi wanga anafuna kuti apite ndiye, koma ndinakana. Ndinati kholo la mwamuna likaonekera zinthu zimalemera. Anandiperekeza ndi mawu amodzi okha: "Mukakambe moni na zikomo basi, kwasila."

Ofesi yawo inali zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ina m'tauni. M'khonde munali benchi yaitali, ana ndi makolo awo atakhala mothinana, aliyense atakumbatira envulopu yakhaki. Ena anachokera ku Kanyama, ena ku George, mayi wina wa ku Kalikiliki anali ndi mwana kumsana ndi mtsikana wamkulu pambali. Atatiitana tinapeza anthu atatu kuseri kwa thebulo: Mayi Daka, bambo wa magalasi uja, ndi bambo wina wonenepa amene ankangogwedeza mutu.

Abale, mwana wanga analankhula. Anamufunsa chifukwa chimene akufunira uinjiniya, iye n'kuwafotokozera za madzi amene amalowa m'nyumba zathu dzinja lililonse, kumene amachokera, kumene amayenera kupita, ndi chifukwa chake ngalande ya kumbuyo kwa msika imabweza madzi m'malo mowatulutsa. Ine ndakhala ndikukapa madzi amenewo ndi beseni zaka zonsezi osadziwa kuti mwana amene amandigwirira tochi akuwerenga njira yawo. Ndinatupa pa mpando. Ngakhale bambo wa magalasi anasiya kulemba.

Ananong'onezana pang'ono, kenaka Mayi Daka anakankhira pepala kwa ife.

"Tiyamike, takutenga. Tizalipira fizi yonse mpaka ukasilize, malinga uzipasa mayeso. Malo yogona, vakudya na mabuku, ivo ni va makolo. Bambo, musaine apa."

Tiya anagwira pakamwa. Cholembera chinali kale m'dzanja langa. Chimene chinkafunika ndi kulemba dzina langa, dzina limene ndimalidziwa bwino, n'kunena zikomo monga anandilangizira. Koma magazi, abale, magazi. M'moyo mwanga sindinavomerepo mtengo woyamba. Dzanja langa silidziwa n'komwe mmene zimachitikira. Ndinaika cholembera pansi, ndinapukusa mutu pang'onopang'ono, n'kupuma mozama ngati munthu amene wanyozedwa.

"Mayi, muikeko ya malo yogona."

"Iyi ndiye yamene timapereka, bambo."

"Awe, muyang'aneni bwino mwana uyu. Uyu si wa pansi pa belo. Ni wa pamwamba, woyamba kutuluka. Simuzamupeza wina wa so mu Lusaka."

"Badadi," Tiya ananong'ona, akundiponda phazi.

Ine ndinaona ngati akundilimbikitsa. "Nikuuzeni chilungamo, mayi," ndinapitiriza (munthu wa pa msika akati akuuzeni chilungamo, gwirani chikwama), "pali bena batifuna. Banatuma foni dzulo. Beve bakuti bazalipira vonse, malo yogona, vakudya, na laputopu pamwamba. Ise tabwera kuno chifukwa cha ulemu chabe."

Mayi Daka sanaseke ulendo uno. Anavula magalasi awo owerengera n'kuwaika pa thebulo.

"Ngati pali bena bolipira vonse, mutenge yamene iyo, bambo. Ni mwayi ukulu. Panja apo pali bana bambiri bamene balibe kwina."

Apa ndiye pamene ndinatulutsa chida chachikulu, chimene sichinandikhumudwitsepo chiyambire: kunyamuka. Ukanyamuka n'kuyamba kuchoka, wogulitsa mtima umamuthawa. Phazi lachitatu amakhosomola. Phazi lachisanu amati, "Bwerani bwana, tikambe." Ndagulira mabelo njira imeneyi, ndagulira njinga, ndagulira malata.

"Tiya, tiye."

Mwana woleredwa bwino satsutsa bambo ake pamaso pa anthu. Anaimirira, maso atadzaza misozi, n'kunditsata. Ndinayenda pang'onopang'ono ndikuwerenga. Limodzi, awiri, atatu. Palibe anakhosomola. Anayi, asanu. Ndinafika pa chitseko, ndinachitsegula mochedwa ngati n'cholemera. M'khonde ndinawerama kumanga zingwe za nsapato (nsapato zake zinali zongolowetsa phazi, zopanda zingwe). Tinafika pa masitepe. Ndipo pamenepo ndinamva chitseko chikutsegukanso kumbuyo. Ndinamugwira Tiya pamkono. Waona? Ndinatembenuka ndi nkhope ya munthu wokonzeka kukhululuka.

Anali bambo wa magalasi. Sanandiyang'ane n'komwe. Anawerenga pa pepala dzina la mtsikana wa ku Kalikiliki uja, iye ndi amayi ake n'kulowa. Chitseko chinatsekeka.

Tinatsika. Panja pa sitolo panali phokoso la masiku onse, mahutala, ofuula mitengo.

"Badadi," anatero Tiya, "bena baja ni bandani?"

"Bati?"

"Bamene bazalipira vonse na laputopu."

"Ni njira chabe, mwana wanga. Bazatiitana. Imilira apa pamene bangatione pa windo."

Tinaima. Ndinayang'ana windo lija mpaka khosi linauma. Katani sinagwedezeke. Ana ankakwera ndi maenvulopu awo, ena ankatsika akumwetulira, ndipo aliyense womwetulira ndinkamuona ngati wanyamula malo a mwana wanga m'thumba. Tiya sanakuwe, sanandinyoze. Bola akanatero. Anangotulutsa kope lake la masamu lija n'kulitsegula, masamba ndi masamba a mayina, lililonse litakhwatchidwa ndi cholembera chofiira, kupatula limodzi.

"Miyezi inayi nalemba makalata, badadi. Iyi ndiye yeka inayankha. Sukulu itsegula sabata ya mawa."

Ndinatsegula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba chibadwire munalibe katundu.

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, anang'amba tsamba loyera m'kope muja, n'kundipatsa chikwama chake. "Gwirani ichi. Khalani apa. Osayenda, osakwera, osakamba na munthu." Ndipo anakwera masitepe yekha.

Ndinakhala pa mwala pafupi ndi mayi wina wogulitsa mtedza wokazinga. Njala itandipweteka ndinafunsa mtengo, anatchula, ine n'kupereka ndalama yomweyo osanena kanthu. Mayiyo anandiyang'ana modandaula n'kufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Dzuwa linadutsa pamutu, linayamba kupendeka. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, ndipo atatha ndinayamba kumulonjeza Mulungu zinthu, osanenerera.

Cha m'ma folo koloko Tiya anaonekera pamwamba pa masitepe n'kundikodola. Ndinakwera ngati mbuzi yopita kwa abutchala. Benchi inali itatha anthu. Mwanayo anali atakhala kumapeto kwake tsiku lonse, kudikira kuti onse athe, kenaka n'kugogoda.

"Khalani pansi, bambo," anatero Mayi Daka. "Ine nakulira ku Kanyama, pa thebulo ya tomato. Kunyamuka kuja nikudziwa bwino. Bamayi banga benze kukamba kuti wochoka mofulumira umuthamangire, koma wochoka pang'onopang'ono umusiye, azabwera yeka. Manje nifuna mukambe na pakamwa panu. Bena baja baliko?"

"Kulibe, mayi."

"Laputopu?"

"Kulibe."

"Banzanga aba," anatero Mayi Daka akuloza bambo wa magalasi, "benze bafuna malo aya tipatse mwana wina. Na ine nenze pafupi kuvomera. Si chifukwa cha mkwiyo. Kholo lonama kawiri mu sabata imodzi, tizalikhulupirira bwanji zaka zisanu?"

Ndinayang'ana nsapato zanga zopanda zingwe.

Chimene chinatipulumutsa ndi tsamba lija anang'amba m'kope. Ali pa benchi, Tiya analembapo mmene banja lathu lingakwanitsire mbali yake: chaka choyamba azigona kunyumba n'kumakwera minibasi, ya minibasiyo izichokera ku aisi wa amayi ake, chakudya ku thebulo langa. Pamene sipankakwana analembanso kuti apa sipakukwana, ndipo panali pa mabuku. Atawapepesa, anawaonetsa pepalalo n'kufunsa mwaulemu ngati pali njira ina ya mabuku. Zinapezeka kuti kabungweko kali ndi kathumba kapadera ka mabuku, kamene amapatsa mwana amene wafunsa yekha n'kuonetsa kuti waganiza. Anamupatsa.

Koma panali mfundo ziwiri. Yoyamba, wosaina monga kholo akhale amake Tiya, abwere mawa m'mawa. Yachiwiri, ine ndisadzapondenso masitepe amenewo kufikira tsiku limene mwana adzabweretse digiri.

"Mwamvera, bambo?"

Ndikuuzeni zoona, lilime linagwedezeka lokha kufuna kufunsa ngati sangachepetseko, mwina ndizibwera kamodzi pachaka. Tiya anandipondanso phazi, ndipo ulendo uno ndinamva chimene phazilo linkanena.

"Zikomo, mayi," ndinatero.

Pano Tiya ali ku yunivesite. Amadzuka kusanache kukakwera minibasi, amabwera ndi mabuku olemera ngati njerwa, ndipo ayamba kale kundiuza kuti khoma la nyumba yathu linamangidwa molakwika. Tsiku lokaonetsa zotsatira za mayeso ku ofesi kuja amandiuza likadutsa.

Kunyumba nkhaniyi sinathe. Mkazi wanga amati ndinatsala pang'ono kukwirira tsogolo la mwana ndi pakamwa panga, ndipo anatipulumutsa ndi Mulungu ndi kope la masamu. Ine ndimati tiyeni tione zimene zinachitika, osati zokamba. Tisananyamuke, pa thebulo panali fizi yokha. Titanyamuka, panali fizi ndi mabuku. Kwathu ku msika zimenezo zili ndi dzina, ndipo dzina lake si kuluza. Ndikanena choncho mkazi wanga amaitana Tiya kuti aweruze, Tiya n'kungoti ali ndi homuweki.

Ndiye ndabwera kwa inu owerenga, poti inu simudya kwathu ndipo simuopa amake Tiya. Mayi Daka anasunga malamulo awo, mwana anatenga sukulu yake ndi mabuku pamwamba, ine ndinatsika masitepe ndi chiletso cha zaka zisanu. Pamalonda amenewa, mwa ife atatu, anapambana ndani? Musanayankhe, bwerani pafupi, tikambirane.